BWALO LOPANDA WOTSUTSA

Pa 13 September 1985 kunafika alendo odabwitsa kuno ku Mfuwe. Sanali alendo odzaona nyama, monga aja tizolowera kuwaona m'miyezi ya cilimwe, koma anali Azungu eni cuma a ku South Africa, ndipo wowatsogolera anali Gavin Relly, mkulu wa kampani ya migodi ya Anglo American. Anadza kudzakomana ndi Oliver Tambo, Thabo Mbeki, Chris Hani ndi atsogoleri ena a African National Congress, cipani cimene Boma la kwao linaciletsa ndi kunena kuti anthu ace ndi zigawenga. P. W. Botha, amene anali kulamulira South Africa masiku amenewo, anaipidwa nao ulendowo. Koma Dr. Kenneth Kaunda, amene anali mwini nyumba, anawakhazika pamodzi m'cigwa cathu cino, ndipo anthu amene anali kuopana anakamba maso ndi maso. Cimene Kaunda anafuna kuonetsa alendo ace cinali cakuti dziko silingakhale pa mtendere ngati olamulira akana kumva mau a anthu otsutsana nao.

Phunziro limenelo linali labwino, ndipo ife a ku Malambo tiyenera kukondwa kuti linaperekedwa pa nthaka yathu. Koma pali cinthu cimene cimandivuta ndikamaganiza za tsikulo. Caka comweco, m'Zambia mwenimweni, lamulo linali kuletsa munthu ali yense kuyambitsa cipani kapena kulowa cipani cina kupatula UNIP. Mwini nyumba anali kumwetsa alendo mankhwala amene anawamana ana ace.

Inu anzanga amene mwatsiriza sukulu posacedwa munabadwa zinthu izi zitapita kale, ndipo ngakhale ine sindinazione ndi maso. Ndinazimva kwa akulu ndi kuziwerenga. Kusukulu nkhani yonse imatha ndi mzere umodzi, wakuti pa 13 December 1972 Zambia inasanduka dziko la cipani cimodzi. Mzerewo si wabodza ai, koma umasokeretsa, pakuti umacititsa mwana kuganiza kuti ufulu unagwa tsiku limodzi monga mtengo wokanthidwa ndi mphezi. Ife okhala m'mbali mwa Luangwa tidziwa kuti gombe siligwa tsiku limene madzi ayamba kulidya. Madzi amadya kunsi caka ndi caka, pamwamba udzu uli wobiriwira ndipo anthu ali kupita osaopa kanthu. Tsiku lakugwa limangoonetsa nchito imene inatha kale. M'nkhani ino ndifuna kuyesa zifukwa zimene atsogoleri anapereka pokhazikitsa cipani cimodzi, koma poyamba tiyenera kuona m'mene madzi anadyera.

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964 iri ndi zipani zingapo. Pa masankho a m'January caka comweco UNIP inatenga mipando 55, ndipo Congress ya Harry Nkumbula, imene inafanana dzina ndi cipani ca Tambo koma inali ya kuno kwathu, inatenga mipando 10. Koma m'July, ufulu usanafike, nkhondo inabuka ku Chinsali pakati pa Boma ndi anthu a mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, nifalikira ku Lundazi, ndipo anthu oposa 700 anafa. Bwanamkubwa wotsiriza, Sir Evelyn Hone, analengeza kuti dziko liri pangozi, natsegula malamulo olola Boma kutsekera munthu popanda kumtengera ku bwalo la milandu. Nkhondo ya Lumpa inatha, koma malamulo a pangoziwo sanacotsedwe kufikira 1991. Mwana wobadwa caka ca ufulu anakula, nakwatira, nabala ana ace, dziko likali pangozi. Ndipo sitinganene kuti Kaunda sanadziwe kuwawa kwa malamulo otere, pakuti m'March 1959 Bwanamkubwa Sir Arthur Benson analetsa cipani cace ca Zambia African National Congress, namthamangitsira ku Kabompo. Cikoti cimene cinamkwapula iye sanacitenthe atalowa m'nyumba. Anangocipacika kuseri kwa citseko.

Mu 1968 cipani ca United Party ca Nalumino Mundia cinaletsedwa. Pa masankho a m'December caka comweco UNIP inapeza mipando 81 mwa 105, Congress nipeza 23, ndipo Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, Robinson Nabulyato, anakana kuilandira Congress monga cipani cotsutsa codziwika ndi Nyumbayo, ponena kuti inali yocepa.

Koma caka cimene madzi anadya koposa cinali 1969, ndipo apa ndipempha muwerenge mofatsa. Malamulo aakulu a dziko amene tinalandira pa ufulu anali ndi loko. Zigawo zina, makamaka zoteteza ufulu wa munthu, sizikanasinthidwa ndi aphungu okha popanda kufunsa anthu onse a m'dziko. Pa 17 June 1969 Boma linafunsa anthu ngati alola kuti loko ameneyo acotsedwe. Cifukwa cimene cinalalikidwa m'misonkhano cinali cakuti Boma lifuna mphamvu yolanda minda imene eni ace Acizungu anaisiya nakakhala kunja, ndi kubwezera cuma ca pansi pa nthaka m'manja mwa eni dziko. Ndani akanakana cinthu cotere? Mwa oponya voti 100 ali onse, 85 anabvomera. Kuyambira tsiku limenelo magawo awiri mwa atatu a aphungu anakwanira kusintha ciri conse, ndipo UNIP inali nao kale aphungu oposa pamenepo. Kunena mwacidule, anthu anafunsidwa kamodzi ngati alola kusafunsidwanso, ndipo anati inde ali kuyang'ana minda.

Mwezi wotsatira inafika nthawi ya oweruza. Asilikali awiri Acipwitikizi anagwidwa ataoloka malire kucokera ku Angola, napatsidwa cilango cacikulu; koma woweruza wa Bwalo Lalikulu, Ifor Evans, ataona mlanduwo, anafafaniza cilangoco. Kaunda anakwiya, nafuna kuti oweruza afotokoze. Mkulu wa oweruza, James Skinner, amene anali yekha munthu wa UNIP kuyambira masiku omenyera ufulu, anaima kumbali ya mnzace, nati woweruza anatsata lamulo. Pamenepo anyamata a Zambia Youth Service anathamangira ku Bwalo Lalikulu ku Lusaka, nalowamo mwaciwawa, oweruza nabisala m'zipinda. Skinner anacoka m'dziko, natula pansi udindo wace. Mkwiyo wa anthu ndiumva, cifukwa Apwitikizi anali kuononga midzi ya m'malire masiku amenewo, ndipo Kaunda pambuyo pace anaonetsa cisoni ndi zimene anyamata anacita. Koma woweruza ali yense wotsala anali ataona ndi maso ace cimene cingamgwere munthu woweruza mosakondweretsa Boma.

Tsono m'August 1971 Simon Kapwepwe, bwenzi la Kaunda la paubwana, amene anakhalapo waciwiri wace, anacoka mu UNIP nayambitsa United Progressive Party. M'December anapambana mpando wa Mufulira West. Pa 4 February 1972 cipani cace cinaletsedwa, ndipo iye pamodzi ndi anzace 122 anatsekeredwa popanda mlandu. Sindikhulupira kuti Kum'mawa kuno kunagwa misozi yambiri tsiku limenelo, pakuti anthu anali kukumbukirabe kuti ndi Kapwepwe amene anagwetsa Reuben Kamanga, mwana wa kuno, pa msonkhano wa cipani ku Mulungushi mu 1967. Umo ndi m'mene zinthu izi zimayendera: woyamba kutsekeredwa amakhala munthu amene tiri naye kale cifukwa.

Patapita milungu itatu, pa 25 February, Kaunda analengeza kuti nduna zace zapangana kuti dziko likhale la cipani cimodzi, naika komishoni yotsogozedwa ndi Mainza Chona kuti iyende m'dziko lonse kumva maganizo a anthu. Kale iye anali kunena kuti cipani cimodzi cidzadza ndi mavoti a anthu, osati ndi lamulo. Tsopano mau aja anaiwalika. Komishoniyo inauzidwa kuti ifunse za maonekedwe a cipani cimodzi, koma isafunse ngati anthu acifuna kapena ai. Ife alembi a m'maofesi tidziwa kuti mphamvu ya komishoni siikhala m'mayankho ace, imakhala m'kalata yoikhazika, ndipo wolemba funso walemba kale theka la yankho. Kuli ngati kufunsa mkazi mtundu wa nsalu imene afuna kubvala pa ukwati, osamfunsa ngati amfuna mwamunayo. Nkumbula anakana kukhala m'komishoniyo, napita ku bwalo la milandu kukatsutsa, koma anagwa.

Ndiyenera kunena coona za Chona ndi anzace. Lipoti lao, limene linaperekedwa m'October 1972, silinali la anthu ogona. Anaona kuti pocotsa zipani zotsutsa afunika kumanga zingwe zina, ndipo anapempha kuti Pulezidenti asalamulire koposa nthawi ziwiri zotsatana za zaka zisanu zisanu. Kuti pa mpando wa Pulezidenti paziima anthu atatu, anthu nasankhapo mmodzi. Kuti Nduna Yaikulu ikhale ndi mphamvu zace zenizeni. Ndiponso kuti mphamvu yotsekera anthu popanda mlandu icepetsedwe. Boma linalandira cipani cimodzi, nilikana zingwezo. Cifukwa cace pamene wina akuuzani kuti anthu anafunsidwa, muzimfunsa zinthu ziwiri: anafunsidwa ciani, ndipo zimene anayankha zinapita kuti? Pa 27 June 1973 Nkumbula, atatopa, anasaina cipangano ca ku Choma nalowa UNIP, ndipo malamulo aakulu atsopano anayamba kugwira nchito pa 25 August.

Tsopano tiyese zifukwa zija. Coyamba, ndipo ndico cinakometsedwa koposa, cinali cakuti zipani zambiri ndi mwambo wa Azungu, koma makolo athu anali kukhala pansi pa mtengo nakamba kufikira atamvana. Maganizo amenewa anamveka kwambiri kucokera kwa Julius Nyerere wa ku Tanzania, kumene cipani cimodzi cinakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1965. Mau ace ngokoma m'khutu, makamaka kwa munthu amene anatukwanidwapo ndi Mzungu. Koma tiyeni tipite ku bwalo lenileni, kwa Nsefu, kwa Jumbe, kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Malama kapena kwa Msoro, tikaone ngati ziri tero.

Pabwalo mlandu sukambidwa mbali imodzi isanafike. Wodandaula amadza ndi nkhoswe yace, woyankha amadzanso ndi yace, ndipo mfumu imakhala cete kufikira onse atatha mau ao. Kumvana kumene Nyerere anakutama kuliko ndithu, koma kumadza madzulo, kutsutsana kutatha. Sikulengezedwa m'mawa anthu asanakhale pansi. Munthu amene wagwa pa mlandu samangidwa cifukwa cakuti analankhula, ndipo mawa amabweranso kudzathandiza pa mlandu wa mnzace. Nduna imene imangobvomera ciri conse cimene mbuye wace anena ilibe nchito pabwalo, pakuti akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Amene tinaphunzira ku mishoni tidziwa kuti ngakhale Davide, mfumu yodzozedwa, anali ndi Natani womloza cala.

Onaninso za kulowa ufumu. Pakati pa Akunda ndi Acewa ufumu umatsata kucikazi, ndipo mfumu ikafa kawirikawiri pamakhala ana a alongo angapo oyenera mpandowo. Akulu a banja, makamaka amai, amawayesa mmodzi mmodzi, nakana waukali, woumira kapena woledzera. Sindinamvepo kuti anabweretsa munthu mmodzi yekha nati sankhani pakati pa uyu ndi cabe.

Koma cacikulu koposa ndi ici. Kale munthu wosakondwa ndi nyakwawa yace anali kusamuka ndi mbumba yace, nakamanga mudzi wace kwina; ngakhale Boma la Azungu linalola zimenezi ngati munthuyo apeza amuna khumi okhoma msonkho. Midzi yambiri imene tiidziwa lero inabadwa motero. Mfumu yankhanza inali kuopa kutsala yokha pakati pa mabwinja, ndipo mantha amenewo ndiwo anali kuifewetsa mtima. Kusamuka ndiko kunali cipani cotsutsa ca makolo athu. Koma m'dziko la masiku ano munthu angasamukire kuti? Boma liri ndi apolisi, asilikali, ndende, wailesi, masukulu ndi nchito zolipidwa, zinthu zimene mfumu ya kale sinalote nkomwe. Cotero amene anati ali kubwezera mwambo wa makolo anatola ulemu wa mfumu, nasiya pansi zonse zimene zinali kuiletsa mfumuyo kucita zofuna zace.

Cifukwa caciwiri cinali umodzi, ndipo ici sindicinyoza. Pa 11 November 1965 Ian Smith analanda ulamuliro ku Rhodesia. Apwitikizi anali ku Mozambique ndi ku Angola. Adani anatizinga ndithu. M'kati mwa dziko anyamata a zipani anali kumenyana ndi kutenthana nyumba, ndipo atsogoleri ena anali kuitana anthu ndi dzina la mtundu wao. Munthu woona zimenezi akanakhoza kuopa moona mtima kuti dziko lidzang'ambika. Koma tikayang'anitsitsa tipeza kuti mkangano woopsa wa mitundu, uja wa 1967, unabuka m'kati mwa UNIP momwe, osati pakati pa UNIP ndi Congress. Kutseka zipani zina sikukanauciritsa. Kunangousamutsa pabwalo ndi kuulowetsa kucipinda, kumene anthu wamba sakanaona amene ali kudya ndi amene ali kumanidwa. Ndiponso Mozambique inamasuka mu 1975, Zimbabwe mu 1980, koma cipani cimodzi cinakhalabe kufikira 1990. Ndodo imene munthu anaitola cifukwa ca njoka anapitirira kuyenda nayo njoka itafa.

Cifukwa cacitatu cinali cakuti m'kati mwa cipani cimodzi anthu adzasankhabe mwaufulu. Pa mipando ya aphungu munali coona pang'ono m'mau amenewa, pakuti anthu atatu a UNIP anali kupikisana pa mpando umodzi, ndipo nduna zina zinagwadi pa masankho. Koma Komiti Yaikulu ya cipani inali ndi mphamvu yofafaniza dzina la munthu ngakhale atapambana pa masankho oyamba, ndipo phungu wolankhula kwambiri anali kudziwa zimenezi. Pa mpando wa Pulezidenti panalibe mpikisano konse. Wovota anali kusankha inde kapena ai. Cizindikiro ca inde cinali nkhwazi, ndipo ca ai nthawi zina cinali fisi, nthawi zina cule. Ife amene timaona nkhwazi iri khale pamwamba pa mtengo m'mbali mwa mtsinje, ndi kumva fisi ali kulira usiku kuseri kwa khola, tidziwa cimene wosankha zizindikirozo anafuna kunena. Anthu anayankha ndi miyendo yao: pa masankho oyamba a cipani cimodzi, m'December 1973, opita kukavota sanakwane theka la olembedwa.

Mu 1978 lonjezo lija linayesedwa poyera. Kapwepwe, amene anali atabwerera mu UNIP, pamodzi ndi Nkumbula ndi Robert Chiluwe, anafuna kupikisana ndi Kaunda m'kati mwa cipani, monga anauzidwa kuti nkololedwa. Msonkhano wa ku Mulungushi unasintha malamulo a cipani pomwepo, niuti woima ayenera kukhala atatha zaka zisanu m'cipani ndi kubvomerezedwa ndi nthumwi 20 za cigawo ciri conse. Onse atatu anagwa asanaime. Anauzidwa kuti atseke nyumba zao adzalankhulire m'nyumba yaikulu, ndipo atalowa anapeza kuti m'menemonso mulibe polankhulira.

Zotsala ndingozichula mofulumira. Panali mau ofala akuti kukhala wa UNIP kumapindulitsa, ndipo m'matauni anyamata a cipani anali kuima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi kufunsa khadi. Mu 1975 Kaunda analengeza kuti cipani cidzatenga nyuzipepala ya Times of Zambia, pamene Daily Mail ndi wailesi zinali kale m'manja mwa Boma. Lamulo la 1980 linaphatikiza makhonsolo ndi cipani, niliika Gavanala wosankhidwa ndi Pulezidenti pamutu pa khonsolo ya boma liri lonse, ndipo anthu osakhala a cipani anataya voti yao pa masankho a makhansala. Atsogoleri a anchito atatsutsa anacotsedwa m'cipani, ndipo mu 1981 Frederick Chiluba anatsekeredwa. Kunena zoona, Zambia sinafike pamene anafika anansi athu a ku Malawi pansi pa Dr. Banda, kumene mu 1972 a Mboni za Yehova zikwi zambiri anathawa cifukwa cokana kugula khadi la cipani, nadzaunjikana pa msasa wa Sinda Misale kuno Kum'mawa. Koma kusiyanako kunacokera m'mtima wa munthu mmodzi, osati m'lamulo; ndipo ufulu wodalira kukoma mtima kwa wolamulira uli ngati munda wobwereka.

Mau amenewa andibweza kwathu, ndipo apa nkhani iri yobvuta, cifukwa ife a m'cigwa tinali pafupi ndi moto. Kaunda anakonda Luangwa. Anali kudza kudzapumula kuno, nyumba ya pa phiri la Chichele inamangidwira iye, ndipo bwalo la ndege la Mfuwe linamangidwa m'masiku ace. Koma taonani za nyama. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo osungiramo nyama, ndipo ndalama za alendo zinali kulowa m'thumba la ulamuliro wa mafumu a Akunda. Ufulu utafika maulamuliro a mafumu aja anathetsedwa, lamulo la 1968 linaika nyama zonse m'dzina la Pulezidenti, ndipo mu 1972, caka comwe ca cipani cimodzi, South Luangwa inakhala paki ya dziko. Ndalama zinayamba kupita ku Lusaka, njobvu zinatsala kuno kudya mapira. M'zaka zotsatira opha nyama mwakuba anatha zipembere zonse, njobvu nizicepa kufikira zosakwana theka, ndipo munthu wa pamudzi, amene sanali kupindula kanthu ndi nyamazo, analibe cifukwa cozitetezera. Pofuna kukonza zimenezi, mu 1986 kunayambika nchito ya citukuko ca Luangwa yothandizidwa ndi ndalama za ku Norway, ndipo wapampando wa komiti yace yaikulu anali Pulezidenti mwini. Inathandiza ndithu, sindikana. Koma zindikirani njira imene thandizolo linadzera: silinadze cifukwa anthu a kuno anali ndi mphamvu yocotsa wolamulira wosawamvera, linadza cifukwa wolamulira anakonda malo ano. Zigwa zina, zimene iye sanali kupitako kukapumula, zinalibe mwai wotere.

Pamene mtengo wa ufa unakwera m'June 1990, anthu anacita cipolowe ku Lusaka, ndipo pa 30 June msilikali Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda Boma. Zinatha m'maola owerengeka, koma anthu anali atabvina kale m'miseu, ndipo atsogoleri, amene kwa zaka 17 anali kumva inde yekhayekha, anaona tsiku limenelo cimene manyuzipepala ao sanawauze. M'December lamulo loletsa zipani linacotsedwa. Pa 31 October 1991 MMD ya Chiluba inatenga mipando 125 mwa 150, UNIP nitsala ndi 25, ndipo 19 mwa imeneyo inali mipando yonse ya Kum'mawa, pamodzi ndi wathu wa Malambo. Sindinena ici kuti ndinyoze makolo athu. Anali ndi zifukwa zao, ndipo kuvotera amene umfuna ndiwo ufulu umene tiri kukamba. Kaunda anabvomera kugonja, nacoka mwamtendere pa nthawi imene atsogoleri ambiri a mu Africa sakanatero, ndipo cimeneci cidzakumbukika pamodzi ndi zina zija.

Koma cikoti cija cinali cikali kuseri kwa citseko, ndipo wolowa m'nyumba anacipeza. MMD, imene inadza ndi dzina la zipani zambiri, inakhala ndi aphungu oposa magawo awiri mwa atatu. M'March 1993 Chiluba analengeza kuti dziko liri pangozi, natsekera atsogoleri a UNIP. M'January 1996 Bwalo Lalikulu Koposa linagamula kuti lamulo la Azungu la 1955, lofuna cilolezo ca apolisi anthu asanasonkhane, linali kuphwanya ufulu. Aphungu analikonza msanga nalibweza ndi mau ena, ndipo maboma otsatira, ngakhale a anthu amene analira nalo ali kunja, analigwiritsa nchito. Caka comweco malamulo aakulu anasinthidwa kuti woima pa Upulezidenti akhale wa makolo obadwira m'Zambia, ndipo ali yense anadziwa kuti mau amenewa anasokedwa pa msinkhu wa munthu mmodzi, pakuti makolo a Kaunda anacokera ku Nyasaland. Cimene cinacitikira Kapwepwe mu 1978 cinamcitikira iye. Mu 2001 Chiluba anafuna nthawi yacitatu, koma mipingo, maloya ndi mabungwe anaima pamodzi namletsa. Mu 2016, pansi pa PF, nyuzipepala ya The Post inatsekedwa, ndipo mu 2017 Hakainde Hichilema, pamenepo ali wotsutsa, anakhala m'ndende miyezi inai pa mlandu woukira Boma umene pambuyo pace unasiyidwa.

Pa 28 October 1997 asilikali ena anayesanso kulanda Boma, nalephera, ndipo dziko linalengezedwanso kuti liri pangozi. Pa tsiku la Krisimasi apolisi anamtenga Kaunda, ali ndi zaka 73, namtsekera ndi malamulo omwe aja amene anatsekera nao Kapwepwe. Anamtumiza ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe, ndipo kumeneko anakana kudya. Amene anadza kudzamcezera m'ndendemo ndi kumpempha kuti adye anali Julius Nyerere. Patapita masiku owerengeka anamtulutsa nakamsunga m'nyumba ku Lusaka, ndipo m'June 1998 Boma linausiya mlanduwo.